Timasunga makiyi a eni, nanga athu ali kuti?

Aliyense amene adaimapo m'mbali mwa msewu wa Soutpansberg ku Queenswood cha m'ma 6 koloko m'mawa amadziwa kuti dera limeneli limadzutsidwa ndi anthu amene sagonamo. Matekisi ochokera ku Mamelodi amatsitsa amayi atapachika zikwama za yunifomu paphewa. Abambo osamalira maluwa ndi kapinga amadikira pa mageti kuti eni nyumba amange agalu. Ambiri mwa antchito amenewa ali ndi makiyi a nyumbazo m'matumba mwawo. Amadziwa mpopi umene ukudontha, zenera limene silitsekeka bwino, ndi pamene denga limalowetsa madzi ikagwa mvula ya matalala. Nyumbazo amazidziwa kuposa eni ake, koma n'kovuta kupeza ngakhale mmodzi amene ali ndi kiyi ya chitseko chimene angachitche chake m'dera lomwelo.

Nyuzipepala za kuno ku South Africa sizitopa ndi nkhani ya anthu ofuna kugula nyumba yawo yoyamba. Zimalemba za chiwongoladzanja cha mabanki, za achinyamata ophunzira amene akulephera kupeza ngongole, ndi za mabanja amene akusamukira ku Cape Town kumene mitengo ya nyumba ikukwera msanga kuposa ku Gauteng. Madandaulo amenewa ndi enieni. Komabe pa zaka zimene ndakhala ndikucheza ndi antchito a m'nyumba ndi a m'mafamu pa ntchito yanga ya kafukufuku, ndaona kuti mkangano wonsewu umatidumpha. Maganizo anga ndi akuti kwa wantchito wochokera kunja, chotchinga chachikulu si banki. Chotchinga n'chakuti denga limene amagonamo lili m'manja mwa munthu yemweyo amene amamulipira, kapena lili kutali kwambiri moti ulendo wopita ku ntchito umadya ndalama zimene zikadamanga nyumba. Tisanalote za kugula, tiyenera kumenyera denga losadalira nkhope ya bwana, lokhala pafupi ndi ntchito, ndiponso lokhala ndi pepala.

Tiyambe ndi masamu, pakuti masamu alibe tsankho. Pa 1 March 2025, malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi lamulo adafika pa R28.79 pa ola, ndipo mlingo umenewu udali umodzi kwa wantchito wa m'nyumba, wa pafamu ndi antchito ena ambiri. Munthu wogwira maola 45 pa sabata pa mlingo umenewu amalandira pafupifupi R5,614 pa mwezi. Mabanki kawirikawiri safuna kuti ndalama zobweza ngongole ya nyumba zipitirire 30 peresenti ya malipiro, kutanthauza R1,684 pa mwezi. Pa chiwongoladzanja cha pakati pa 10 ndi 11 peresenti, kwa zaka 20, ndalama zimenezi zingabweze ngongole ya pafupifupi R170,000. Ku Queenswood nyumba yoima payokha imagulidwa ndi ndalama zoposa R1 miliyoni, ndipo ya R2 miliyoni si yachilendo. Wogula nyumba ya R2 miliyoni pa ngongole amabweza pafupifupi R20,000 mwezi uliwonse, ndiwo malipiro a miyezi itatu ndi theka a mayi amene amakolopa m'nyumbamo. Ndipo tisaiwale kuti ambiri salandira ndi malipiro otsikitsitsawo, kapena amagwira masiku awiri kapena atatu okha pa sabata.

Wina angafunse za thandizo la boma. Nyumba zaulere zimene anthu amazitcha za RDP zimaperekedwa kwa mabanja olandira ndalama zosapitirira R3,500 pa mwezi, malire amene sadasinthe kuyambira 1994. Thandizo la First Home Finance, lomwe kale linkatchedwa FLISP, ndi la olandira kuyambira R3,501 kufika R22,000. Zonse ziwiri zimafuna kuti munthu akhale nzika kapena akhale ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale. Ambiri mwa ife tilibe chilolezo chimenecho. Lamulo sililetsa mlendo wokhala ndi mapepala oyenera kugula nyumba, koma mabanki nthawi zambiri amafuna kuti mlendo wotere ayambe wapereka gawo lalikulu la mtengo, mwina theka lathunthu. Kwa amene alibe mapepala konse, lamulo la Immigration Act la 2002 limaletsa kumugulitsa kapena kumubwereketsa nyumba. Makomo atatu onse ndi otseka.

Mtunda umene uli pakati pa pogona ndi pa ntchito sudadzigwere wokha. Udakonzedwa ndi manja a anthu. Kumpoto chakumadzulo kwa Pretoria kudali dera la Lady Selborne, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1905, kumene anthu akuda ankaloledwa kugula malo ndi kukhala ndi zikalata za umwini. Lamulo la Group Areas Act la 1950 litabwera, deralo lidalengezedwa kuti ndi la azungu, ndipo m'zaka za m'ma 1960 eni ake adasamutsidwa kupita ku Mamelodi, Atteridgeville ndi Ga-Rankuwa. Lero malowo amatchedwa Suiderberg. Mamelodi idakhazikitsidwa mu 1953 ndipo Soshanguve mu 1974, zonse pa cholinga chimodzi: manja a munthu wakuda afike mu mzinda m'mawa, koma mutu wake ukagone kutali. Ena adakankhidwira kutali kwambiri, ku KwaNdebele, kumene mpaka lero mabasi amanyamuka usiku kukadali mdima kudzera mu msewu wa Moloto. Wojambula zithunzi David Goldblatt adakwera nawo mabasi amenewa m'zaka za m'ma 1980, ndipo zithunzi zake zimaonetsa anthu akugona chokhala pa ulendo wa ku Marabastad. Lamulo la Group Areas Act lidafafanizidwa mu 1991, koma misewu ndi mitunda idatsala pomwe idali. Chimene kale chinkachita lamulo, lero chikuchita mtengo wa nyumba.

Ife Amalawi zimenezi si zachilendo kwenikweni. Amene amagwira ntchito m'nyumba za ku Area 47 ku Lilongwe amagona ku Mtandire, ndipo amene amasesa ku Namiwawa ku Blantyre amachokera ku Ndirande kapena ku Mbayani. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu munthu amatha kuyenda pansi kukafika ku ntchito. Kuno Soshanguve ili pa mtunda woposa makilomita 30 kuchokera ku Queenswood, ndipo palibe phazi lingapirire ulendo umenewo kawiri pa tsiku. Tinene kuti munthu akuwononga R60 pa tsiku pa matekisi, kupita ndi kubwera. Pa masiku 22 ndi R1,320, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ake. Sitima zapamtunda ndizo zotsika mtengo, koma tonse tikukumbukira m'mene njanji ndi nthambo zamagetsi zidaonongekera m'nyengo ya Covid-19, anthu n'kukakamizika kukwera matekisi kufikira pamene sitima zina zidayambiranso mu 2022. Ndalama za ulendo zimene wantchito amalipira mwezi uliwonse zikadakhala matumba a simenti ndi malata. Eni ntchito amapindula ndi mzinda womangidwa motere, koma wolipira mtunda ndi wantchito.

Pothawa mtunda umenewu, ambiri amasankha kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana, kamene kwathu timati boizikota. Ubwino wake ndi woonekeratu: palibe tekisi, madzi ndi magetsi alipo, ndipo apolisi ofunsa mapepala safika kawirikawiri. Koma mtengo wake ndi wobisika. Wogona pa ntchito saweruka. Belu limalira usiku mwana akadwala, limalira Lamlungu alendo akabwera. Mayi wina wa ku Mangochi adandiuza kuti kwa zaka zambiri mwamuna wake ankamuchezera ataima pa geti ngati wogulitsa tomato, chifukwa alendo sankaloledwa kulowa. Ndipo tsiku limene ntchito yatha, pogona pamatheranso pomwepo. Munthu amataya mchere ndi denga m'mawa umodzi. N'chifukwa chake wogona kuseri kwa abwana amaopa kufunsa za malipiro a maola owonjezera, amaopa kukana ntchito ya pa tsiku lopuma, amaopa ngakhale kudwala.

Lamulo lilipo ndithu, ndipo tiyenera kulidziwa. Malamulo a antchito a m'nyumba, otchedwa Sectoral Determination 7, amati bwana sangadule ndalama zoposa 10 peresenti ya malipiro chifukwa cha chipinda, ndipo angadule pokhapokha chipindacho chikhale chosadontha, chokhala ndi zenera ndi chitseko chokhomeka, komanso pakhale chimbudzi ndi posambira. Ntchito ikatha, wantchito ali ndi ufulu wokhalabe m'chipindamo kwa mwezi umodzi. Kwa a m'mafamu, Sectoral Determination 13 imaikanso malire omwewo a 10 peresenti, ndipo imafuna kuti nyumba ikhale ya denga lolimba, mazenera a magalasi otsegulika, chimbudzi, ndi madzi abwino pa mtunda wosapitirira mamita 100. Lamulo la ESTA la 1997 limati munthu wokhala pa famu ndi chilolezo cha mwini wake sangachotsedwe popanda chigamulo cha khoti, ndipo amene wakhalapo zaka 10 n'kufika zaka 60 zakubadwa ali ndi chitetezo chapadera. Pamwamba pa zonse, ndime 26 ya malamulo oyendetsera dziko lino a 1996 imati palibe munthu angachotsedwe m'nyumba yake popanda khoti, ndipo mawu amene adagwiritsa ntchito ndi akuti aliyense, osati nzika zokha. Mu 2008 khoti la za ntchito lidagamulanso kuti wantchito wopanda chilolezo chogwirira ntchito ali ndi ufulu wokadandaula ku CCMA. Malamulo amenewa sapereka nyumba, koma amaletsa kuti katundu wanu aponyedwe pa msewu usiku umodzi.

Amene sakufuna mtunda ndiponso sakufuna kachipinda ka abwana amatsala ndi njira yachitatu, yomwe ndi yoopsa koposa: zisakasa ndi nyumba zakale zosiyidwa zimene zili pafupi ndi ntchito. Plastic View, kum'mawa kwa Pretoria, idamera pafupi ndi mipanda ya anthu olemera a ku Moreleta Park chifukwa ntchito ili pomwepo. Ku Johannesburg, pa 31 August 2023, moto udabuka mu nyumba ya Usindiso ku Marshalltown n'kupha anthu 76, ndipo ena mwa iwo adali Amalawi anzathu. Anthu amenewa sadali osaganiza. Adawerenga ndalama za tekisi, adawerenga za lendi, n'kupeza kuti malo okhawo amene thumba lawo lingakwanitse ndi amene angawaphe.

M'madera oterewa ndi mmene mumapezeka msampha umene ndikufuna kuchenjezapo mwamphamvu, wa kugula popanda pepala. Wina amakuuzani kuti akugulitsa puloti kapena nyumba ya RDP pa mtengo wofewa, mumalipira pamaso pa mboni ziwiri, mwina n'kukalumbira ku polisi. Dziwani kuti m'dziko muno kugulitsana malo kumayenera kulembedwa ndi kusainidwa, ndipo umwini umasintha pokhapokha dzina lanu litalowa m'kaundula wa ku Deeds Office kudzera kwa loya wa ntchito imeneyi. Nyumba ya RDP siyiloledwa kugulitsidwa zaka 8 zisanathe. Malo a m'dera la zisakasa nthawi zambiri ndi a boma kapena a munthu wina, ndipo wogulitsayo akugulitsa chinthu chimene si chake. Akamwalira amene adakugulitsani, ana ake amabwera ndi chikalata chokhala ndi dzina la kholo lawo, inu n'kutsala ndi kapepala kolembedwa pamanja. Safunsa adadya phula. Musanapereke ndi tambala lomwe, funsani kwa a Lawyers for Human Rights, amene ali ndi ofesi mu Pretoria momwemo, kapena kwa bungwe la antchito limene muli.

Ndikudziwa yankho limene ambiri mwa inu mwakonza kale: mlendo ndi mame, nyumba yathu tikumanga kwathu. Ndi zoona, ndipo n'zolemekezeka. Nyumba za malata zimene zili ku Mzimba, ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay zambiri zidamangidwa ndi thukuta la ku Joni, kuyambira nthawi ya agogo athu a pa Wenela ndi Theba. Kwa ambiri a ife nyumba yoyamba idzakhala kumeneko, ndipo sindikutsutsa. Koma tiyeni tinene zoona pa zinthu ziwiri. Choyamba, mame athu akuchedwa kukamuka. Amene adabwera kuti adzakhale zaka ziwiri atha zaka 15, ana abadwira kuno ndipo akulankhula Chipedi kuposa Chichewa. Munthu amene amakhala miyezi 11 pa chaka m'chisakasa chodontha kuti akagone mwezi umodzi m'nyumba ya njerwa ayenera kudzifunsa ngati mapanga awiri sakumuvumbwitsa. Chachiwiri, nyumba ya kwathu nayonso imafuna pepala. Tonse tidamvapo za munthu amene adatumiza ndalama zaka zambiri, kubwerera n'kupeza maziko okha, kapena kupeza nyumba yatha koma mwini wake ndi mchimwene. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo oterewa m'dzina la munthu kapena banja. Amayi amene mukumanga kumudzi kwa amuna anu, onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa, ndipo dziwani kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu. Kumbukiraninso kuti mu November 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene adasunga ndalama za simenti mu makwacha adapeza kuti matumba awo achepa usiku umodzi. Tumizani ndalama pa gawo lililonse la ntchito, funsani malisiti ndi zithunzi, ndipo pakhale munthu wachiwiri woona.

Pali funso lina limene sitiyenera kulithawa. Eni dziko lino ambirimbiri akhala pa mndandanda wodikira nyumba kwa zaka zoposa 20. Kodi mlendo ali ndi nkhope yanji yopemphera denga pamene mwini mudzi akugona m'chisakasa? Funsoli ndi lolemera, ndipo yankho langa n'lakuti sitikupempha nyumba za RDP, ndipo sitiyenera kuzipempha. Koma taonani masamu aja kachiwiri. Mayi wa ku Mamelodi wobadwira konkuno, wolandira R5,614, wapitirira malire a R3,500, choncho nyumba yaulere sangalandire, ndipo ngongole imene angakwanitse siyingagule nyumba pafupi ndi ntchito yake. Amakwera tekisi imodzi ndi ife, amalipira mtunda womwewo. Chimene chikumulepheretsa iye si Mmalawi wokhala naye pa mpando, koma malipiro ochepa ndi mzinda womangidwa chagada. Amene amatiuza kuti ndife adani amafuna kuti tisawerengere limodzi.

Tsono tichite chiyani? Ndikuona zinthu zinayi zimene zili zotheka. Choyamba, ndalama za ulendo zikhale gawo la zokambirana za malipiro. Pofunsira ntchito, tchulani mtengo wa tekisi poyera, ndipo mabungwe athu akakamize kuti nkhaniyi ilowe m'malamulo a antchito a m'nyumba ndi a m'mafamu. Chachiwiri, wogona pa ntchito akhale ndi mgwirizano wolembedwa wonena za chipinda, maola opuma ndi ufulu wolandira abale, ndipo wochita lendi afunse lisiti mwezi uliwonse. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limakakamiza landilodi kupereka malisiti komanso mgwirizano wolembedwa ngati mwaupempha, ndipo bwalo la Rental Housing Tribunal limamva madandaulo kwaulere. Chachitatu, tigwirizane ndi eni dziko pokakamiza khonsolo ya Tshwane kumanga nyumba za lendi yotsika mtengo mkati mwa mzinda, monga za Townlands ku Marabastad, ndiponso m'madera ngati Queenswood momwe ntchito ili. Ngakhale poyamba zitapita kwa nzika zokha, chipinda chilichonse chomangidwa pafupi ndi ntchito chimapeputsa lendi kwa tonse.

Chachinayi ndi chathu Amalawi. Anzathu a ku Zimbabwe adapatsidwa zilolezo zapadera kuyambira 2009, ndipo a ku Lesotho kuyambira 2016. Zilolezo zimenezo zili ndi mavuto ake, koma zidalola anthu kutsegula maakaunti ku banki ndi kusainira lendi m'dzina lawo. Mmalawi amalowa ndi masiku 30 okha, kenaka amasanduka wobisala. Boma lathu limadziwa bwino kuti ndalama zotumizidwa kuchokera kuno zikudyetsa midzi ndi kulipira fizi. Ofesi ya kazembe wa Malawi ili ku Arcadia, ulendo waufupi kuchokera ku Queenswood. Tili ndi chifukwa chokwanira chopitira kumeneko mwaulemu, kudzera m'mabungwe ndi mipingo yathu, kukafunsa kuti boma likambirane ndi boma la South Africa za dongosolo lotere. Popanda pepala la munthu, palibe pepala la nyumba.

Wina anganene kuti zimenezi ndi maloto. Koma mu 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns adanyanyala ntchito, ndipo mu 2013 malipiro otsikitsitsa a pafamu adakwera kuchoka pa R69 kufika pa R105 pa tsiku. Mu November 2020 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula, pa mlandu wa Mahlangu umene udayambira mu Pretoria momwemo mothandizidwa ndi bungwe la SADSAWU, kuti antchito a m'nyumba nawonso ayenera kulandira chipukutamisozi akavulala pa ntchito. Mu 2022 malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba adafanana ndi a wina aliyense. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chidaperekedwa chifukwa cha chifundo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limene tikufuna ndi lolemera. Mawa m'mawa, mukamatsika tekisi pa Soutpansberg makiyi a eni ali m'thumba, mufunse mnzanu wa pambali panu kuti amalipira zingati pa ulendo ndi pa lendi, mulembe pa pepala, ndipo mubwere nazo ku msonkhano wotsatira wa bungwe lanu.